Ndalama za mjigo kwa Mwape

Ndine msungichuma wa komiti ya mjigo m'mudzi wina kwa Mfumukazi Mwape, m'boma la Nyimba. Komiti zoterezi ku Zambia timazitcha V-WASHE. Khomo lililonse limasonkha kangachepe, ndipo ndalamazo timagulira mipira ya mjigo, mapaipi ndi girizi, n'kulipira mmisiri wokonza.

Kuno ndalama zimaoneka anthu akagulitsa chimanga kapena mtedza, choncho timatolera nthawi yokolola. Kupempha msonkho mu Febuluwale, nkhokwe zili mbee, n'kudzitengera chidani. Wopanda ndalama amabweretsa chitini cha chimanga, ife n'kugulitsa. Agogo osowa wowathandiza sitiwalipiritsa.

Kabuku ka msonkho timakawerenga poyera, anyakwawa ali pompo, dzina ndi dzina. Ena amanyinyirika, koma miseche ya "adya ndalama" imachepa.

Kukumba mjigo watsopano sitingakwanitse. Pempho timalipereka ku komiti ya chitukuko ya wodi, kuti lilowe mu thumba la boma la CDF, lomwe mu 2022 linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Midzi yopempha ndi yambiri, ndiye timadikira.