Shuga wa ku Dwangwa: Makampani Akaphatikizana Amapindula Ndani?

Munthu woyenda pa mseu wa m'mbali mwa nyanja kuchokera pa boma la Nkhotakota kuloŵera kumpoto amafika pa Dwangwa, pamene minda ya nzimbe yatambalala mpaka kufupi ndi madzi. Fakitale ya shuga ya pamenepa inayamba kugaya nzimbe m'chaka cha 1979, pamene inzake ya ku Nchalo m'boma la Chikwawa inali itayamba kale mu 1966. Mbiri ya mafakitale aŵiriŵa imathandiza kuyankha funso limene lavutitsa akatswiri a zachuma kwa nthaŵi yaitali: kodi makampani akaphatikizana, phindu lawo limakula?

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, koma pa malonda mwambiwu sugwira nthaŵi zonse. M'chaka cha 1838 katswiri wa masamu wa ku France, Augustin Cournot, analongosola mmene ogulitsa oŵerengeka amapikisanirana, aliyense akusankha kuchuluka kwa katundu wake poyang'ana zimene mnzake achite. Mu 1983 akatswiri atatu, Salant, Switzer ndi Reynolds, anatsata masamu omwewo napeza chinthu chodabwitsa: pa mpikisano wotere, kuphatikizana kumaluzitsa ophatikizanawo, pokhapokha ngati pafupifupi makampani asanu ndi atatu mwa khumi aliwonse aloŵamo.

Mphunzitsi angathe kuonetsa zimenezi pa bolodi. Tiyerekeze kuti pali makampani atatu ofanana, ndipo iliyonse imapindula K9. Ziŵiri zikaphatikizana zimachepetsa katundu kuti mtengo ukwere. Yachitatu, poona mtengo wabwinowo, imaonjezera katundu wake. Mapeto ake kampani yatsopano ija imapeza K16 m'malo mwa K18 imene ziŵirizo zinkapeza, pamene yotsala kunja ija yachoka pa K9 kufika pa K16 osakhetsa thukuta. Koma ziŵiri zotsalazi nazonso zikaphatikizana, phindu limachoka pa K32 kufika pa K36, chifukwa palibenso wina wodzaza msika mtengo ukakwera. Choncho phindu la kuphatikizana limadalira amene watsala kunja.

Pa shuga wa m'Malaŵi wotsala kunja analibepo kwa zaka zambiri. Kampani ya Lonrho inali ndi dzanja ku Nchalo ndi ku Dwangwa komwe. Mu 1997 Illovo ya ku South Africa inagula malonda a shuga a Lonrho, ndipo mafakitale onse aŵiri anakhala pansi pake. Nayonso Illovo inagulidwa ndi Associated British Foods ya ku Britain, imene inatenga magawo 51 pa 100 mu 2006 ndi otsalawo mu 2016. Shuga wochokera kunja, amene akanapikisana naye, wakhala akuloŵa m'dziko muno ndi chilolezo cha boma chokha.

Si kuti ukulu wa kampani ndi woipa mwa iwo wokha. Fakitale ya shuga imadya ndalama zambiri pomanga, ndipo imatsitsa mtengo wopangira thumba lililonse pokhapokha ikamagaya nzimbe zochuluka. Anthu zikwizikwi a ku Nkhotakota amadyera momwemo. Komabe pali anthu aŵiri amene alibe kothaŵira. Woyamba ndi mayi wogula paketi ya shuga pa golosale. Wachiŵiri ndi mlimi wamng'ono wa nzimbe wa ku Dwangwa. Nzimbe ikadulidwa imayamba kutaya shuga wake m'masiku oŵerengeka, ndiponso ndi yolemera kunyamula ulendo wautali, motero mlimi amagulitsa ku fakitale imene ili pafupi naye. Mphamvu yake ili m'mabungwe a alimi ndi m'pangano la kagaŵidwe ka ndalama.

Nchifukwa chake dziko linakhazikitsa lamulo loona za mpikisano pa malonda mu 1998, limene linaloŵedwa m'malo ndi latsopano mu 2024. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limaunika makampani ofuna kuphatikizana. Kubwera kwa fakitale ya Salima Sugar, ngakhale ili yaing'ono poyerekeza ndi Illovo, kwabweretsa wopikisana naye wa m'dziko momwemuno.

Wachinyamata amene wangomaliza sukulu akamva kuti makampani akuphatikizana, asangoŵerenga phindu limene eni ake alonjeza. Afunse kuti watsala kunja ndani, ndipo wogula ndi mlimi akakana mtengo adzapita kwa yani.