Mawu Oti "Msonkho" pa Katundu Wamakedzana Wochokera Kunja

Aphunzitsi ndi olemba mabuku amene amakonda mbiri ya boma la Chiradzulu amaitanitsa nthawi zina zinthu zakale kuchokera kunja. Chitsanzo ndi masitampa a m'chaka cha 1965 okumbukira kuukira kwa m'busa John Chilembwe mu 1915, kapena zithunzi za mishoni yake ya PIM, imene anaitsegula ku Mbombwe mu 1900. Phukusi likafika, wogula amauzidwa kuti alipire "msonkho", koma mawu amodziwa akubisa misonkho ingapo. Wolemba akalephera kuisiyanitsa, owerenga amakonzekera ndalama zochepa, ndipo katundu wawo amatsakamira kwa akasitomu.

Tikupempha alembi ndi akonzi kugwiritsa ntchito mawu awa:

1. Msonkho wa kasitomu: uwu umalipiridwa chifukwa katundu walowa m'dziko. Suwerengedwa pa mtengo wogulira wokha ayi, koma amaphatikizapo ndalama zotumizira ndi za inshuwalansi.

2. Msonkho wa VAT: unalowa m'malo mwa surtax mu 2005. Uwu umawerengedwa pa mtengo uja ataphatikizapo kale msonkho wa kasitomu. Choncho nkulakwa kulemba ngati misonkho iwiriyi ndi umodzi.

Misonkho yonseyi imatoleredwa ndi bungwe la MRA, limene linayamba ntchito mu 2000.

Dzina la katundu nalonso ndi lofunika. Pa mndandanda wa katundu umene maiko amagwiritsa ntchito, gawo 97 ndi la zojambula, masitampa ndi ndalama zakale zosunga, komanso zinthu zopitirira zaka 100. Tsono mawu oti "wamakedzana" tiwasungire chinthu chopitirira zaka 100. Buku la George Shepperson ndi Thomas Price lonena za Chilembwe, la mu 1958, ndi lakale, koma silinafike pokhala lamakedzana: likadali m'gulu la mabuku wamba. Mawu oti "kaunjika" asagwiritsidwe ntchito pano, pakuti amanena za zovala zogwiritsidwa kale ntchito.

Pomaliza, taonani kuti "msonkho" ndi "kusonkhanitsa" ndi mawu apachibale. Wosonkhanitsa masitampa si wokhometsa msonkho. Polembera ophunzira, tchulani chimene munthuyo akusonkhanitsa, ndiponso dzina lenileni la msonkho umene akulipira. Kutero kudzathandiza wogula kusunga lisiti ndi kufunsiratu asanaitanitse katundu.