Thiraki ndi yako, nanga katundu wobwelela nayo ali kuti?

Madalaivala ambili olembedwa nchito amalota tsiku logula thiraki yao-yao. Ikagulidwa, kawili-kawili yakale ndiponso ya nkhongole, m'pamene mutu uyamba kuwawa.

Taonani ulendo wa cimanga kucoka ku Chipata kupita ku Lusaka, makilomita oposa 550. Dizilo, mapepala a RTSA, ndalama za toll zimene mathiraki anayamba kulipila mu 2013, zonsezi zicoka m'thumba mwa mwini thiraki katundu asanafike. Tayala likaphulika pa mapili a Manenekela, palibe bwana womutumila foni. Akaonjeza matumba kuti apezeko kaphindu, sikelo ya pa mseu imugwila, ndipo faindi yake si yamasewela.

Koma cimene cigwetsa ambili ndi kubwelela thiraki ili gwaa, yopanda kanthu. Makampani akulu ali ndi makontilakiti a feteleza ndi simenti. Wongoyamba kumene amagona mu Lusaka masiku angapo kusakila katundu, uku mwini nkhongole akuwelenga masiku.

Alimi, apa mungathandizane naye. Kopaletivu kapena gulu la pa parishi likasonkhanitsa matumba pamalo amodzi, n'kupangana naye kuti pobwela anyamule feteleza wanu, mtengo wonyamulila thumba utsika. Ndipo mulipileni pa tsiku limene munapangana, osati zija zakuti "tikagulitsa".