Kansalu kapakhosi kamene Bakanja anakana kuvula

Kumayambiriro kwa chaka cha 1909, pa esiteti ina ya mphira ku Ikili, m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Belgian Congo, kapitawo wachizungu analamula mnyamata wantchito kuti avule kansalu kamene kanali m'khosi mwake. Mnyamatayo, Isidore Bakanja, anakana. Anamugoneka chafufumimba n'kumukwapula ndi chikoti chokhala ndi misomali mpaka msana wonse unang'ambika, kenako anamumanga unyolo m'miyendo.

Mabalawo sanapole. Kapitawo atamva kuti kukubwera woyendera ntchito wa kampani, anathamangitsa Bakanja kuti asaonekere, koma mnyamatayo anadzikoka mpaka anakumana ndi mlendoyo panjira. Mlendoyo anamutengera ku Busira, kumene anadwala miyezi ingapo. Ansembe awiri atabwera kudzamupatsa masakramenti otsiriza, Bakanja anawauza kuti anamukhululukira amene anamumenya ndipo adzamupempherera. Anamwalira mu Ogasiti 1909, kolona ili m'manja, kansalu kaja kali m'khosi, ali ndi zaka zongopitirira pang'ono 20. Papa John Paul II anamutcha Wodala pa 24 Epulo 1994, Sinodi ya Africa ili mkati ku Rome.

Bakanja sanali wansembe kapena mbulazala. Anali mkhristu mwini wake, wothandiza amisiri omanga nyumba ku Mbandaka, amene anabatizidwa pa 6 Meyi 1906 ataphunzitsidwa ndi amishonale a chipani cha Trappist. Kansalu kamene anafera ndi sikapulala yofiirira ya Amayi Maria a pa Phiri la Karimeli, imene lero imapezeka m'makosi mwa Akatolika ambirimbiri padziko lapansi, kuphatikizapo kuno kwathu.

Maonekedwe ake ngosagometsa. Ndi tinsalu tiwiri tofiirira, mwamwambo ta ubweya wa nkhosa, tochepa ngati bokosi la machesi, tolumikizidwa ndi zingwe ziwiri. Kena kamagwera pachifuwa, kena kumsana, ndipo kawirikawiri malaya amatibisa. Koma tinsaluti tinachokera ku chovala chachikulu. Malamulo a Benedict Woyera, olembedwa m'zaka za m'ma 500, amatchula sikapulala ngati chovala chogwirira ntchito: nsalu yaitali yoboola pakati, yopisa mutu, yoteteza mkanjo wa mmonke polima kapena pophika. M'kupita kwa zaka chovalachi chinasanduka chizindikiro cha chipani. Akhristu eni ake amene ankakonda chipani china, koma ali ndi mabanja ndi minda yawo, anayamba kupempha kuti nawonso avale kachidutswa ka chovala cha chipanicho. Sikapulala ya m'khosi inabadwa chomwecho, ndipo tanthauzo lake lonse lagona pamenepa: wovalayo walandiridwa m'banja la chipani, wavala yunifomu yake ngakhale yachepetsedwa.

Banja la Akarimeli linayambira pa Phiri la Karimeli, pafupi ndi mzinda wa Haifa ku Israel, phiri limene mneneri Eliya anapikisanirana ndi aneneri a Baala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100, amuna angapo ochokera ku Ulaya anakhazikika pafupi ndi kasupe wa paphiripo kuti azikhala mwachete ndi kupemphera, ndipo pakati pa timanyumba tawo anamangapo katchalitchi ka Amayi Maria. Albert, mkulu wa mpingo ku Yerusalemu, anawalembera malamulo pakati pa 1206 ndi 1214. Nkhondo zitakula anayamba kuthawira ku Ulaya, ndipo mu 1242 ena anafika ku Aylesford, m'chigawo cha Kent ku England.

Ku Ulaya zinthu sizinawayendere msanga. Anali alendo, ndipo zipani zina ndi ansembe ena ankawakayikira. M'nyengo yovutayi ndi mmene mwambo wa chipanichi umaika Simon Stock, Mngelezi amene anali mtsogoleri wawo. Amati pa 16 Julayi 1251 Amayi Maria anamuonekera atanyamula sikapulala, n'kulonjeza kuti amene adzafe atavala chovalachi adzapulumuka. Simon anamwalira ku Bordeaux, France, mu 1265, ndipo mbali ya mafupa ake inabwezedwa ku Aylesford mu 1951, patapita zaka ziwiri Akarimeli atagulanso malo awo akalewo.

Apa m'pofunika kunena zoona zonse. Zolembedwa zoyamba zonena za masomphenyawa zinatuluka patapita zaka zoposa 100 Simon atamwalira, ndipo akatswiri a mbiri, ena mwa iwo Akarimeli enieni, amavomereza kuti umboni wake ngwochepa. Palinso lonjezo lina limene linafala kwambiri, loti Amayi Maria amatulutsa ku Puligatoliyo ovala sikapulala Loweruka loyamba akangomwalira. Ankati lonjezoli linalembedwa m'kalata ya Papa John XXII ya mu 1322, koma zinadziwika kuti kalatayo njopeka, ndipo mu 1613 Rome inaika malire pa zimene alaliki anganene pa nkhaniyi. Chodabwitsa n'chakuti timapepala tolonjeza za Loweruka tikadagulitsidwabe pamodzi ndi sikapulala mpaka lero.

Mpingo sunataye sikapulala chifukwa cha zimenezi. Unangoibwezera pamalo pake. Mu 1996 likulu la mpingo linavomereza mwambo watsopano wodalitsira ndi kuveka sikapulala, umene umatsindika kuti chovalachi ndi chikumbutso cha ubatizo ndi chizindikiro cholowera m'banja la Karimeli. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika amaika zinthu zotere m'gulu la zizindikiro zopatulika zimene si masakramenti: sizipereka chisomo mwa izo zokha, koma zimakonzekeretsa mtima kuti uchilandire. Katekisimu yemweyo amachenjeza kuti kudalira chinthu chooneka, popanda mtima wotembenuka, ndi kukhulupirira zachabe.

Chenjezo limeneli likutikhudza kwambiri kuno. M'midzi ndi m'matauni mwathu, chingwe cha m'khosi, cha m'chiuno kapena cha padzanja la mwana chili ndi mbiri yakeyake, ndipo n'chapafupi kuti munthu avule chithumwa lero, mawa avale sikapulala ndi mtima womwe uja: kuti afiti asamufike, kuti minibasi isagubuduzike, kuti mlandu umukomere. Amipingo ina akaona kansaluko amafulumira kunena kuti Akatolika nawonso ali ndi zithumwa zawo, ndipo Mkatolika wosaphunzitsidwa bwino amasowa choyankha. Kusiyana kwake n'kwakukulu ndithu. Chithumwa chimalonjeza kugwira ntchito ngakhale mwini wake akhale woipa mtima chotani. Sikapulala imamusenzetsa munthu udindo: kupemphera tsiku ndi tsiku, kusinkhasinkha Mawu a Mulungu, kulandira masakramenti a kulapa ndi Ukaristia, kusunga chiyero molingana ndi moyo umene ali, wa pabanja kapena wosakwatira, ndiponso kutumikira anzake monga anachitira Maria.

Papa John Paul II, amene anadzacheza ku Malawi mu Meyi 1989, anali mmodzi wa ovala kansaluka. Anakalandira ali mwana kwa Akarimeli a kwawo ku Wadowice, Poland. M'kalata imene analembera atsogoleri a chipanichi pa 25 Malichi 2001, pokumbukira zaka 750 za mwambowu, ananena poyera kuti wakhala akuvala sikapulala kwa nthawi yaitali, ndipo anafotokoza kuti kwenikweni ndi chovala cha chipani, chimene chimafuna kuti kulemekeza Maria kukhale khalidwe la tsiku lililonse, osati mapemphero a apo ndi apo. Sikapulala yake imasungidwa ku tchalitchi cha Akarimeli ku Wadowice komweko.

Kuvala kwake kuli ndi dongosolo losavuta. Koyamba munthu amavekedwa ndi wansembe pamwambo wa mapemphero, ndipo zimenezi zimachitika kamodzi pa moyo wonse. Kansalu kakatha, amangogula kena n'kuvala. Kakalekalo amakatentha kapena kukakwirira, sakataya kudzala. Mu 1910 Papa Pius X analola kuti amene anavekedwa kale akhoza kuvala mendulo yodalitsidwa m'malo mwa nsalu, yokhala ndi chithunzi cha Mtima Woyera wa Yesu mbali ina ndi cha Amayi Maria mbali inayo. Amishonale a m'mayiko otentha ndi ena mwa amene anapempha zimenezi, ndipo aliyense amene analimako m'chigwa cha Shire mu Okutobala akhoza kumvetsa zimene thukuta limachita ndi kansalu ka ubweya.

Ambiri amalekera pa kuvala kansaluko basi, ndipo palibe cholakwa. Koma alipo ena amene amalowa mkati ndithu. Malamulo a mpingo a mu 1983, pa nambala 303, amazindikira magulu a akhristu amene amakhala m'dziko ngati wina aliyense koma akutsata mzimu wa chipani china motsogozedwa ndi chipanicho. Amatchedwa magulu achitatu, popeza loyamba ndi la ansembe ndi abulazala, lachiwiri ndi la asisiteri obindikira. Kwa Akarimeli khomo limeneli linatsekuka mu 1452, pamene Papa Nicholas V analola chipanichi kulandira amayi ndi akhristu eni ake. Teresa wa ku Avila atayambitsa nthambi yokhwimitsa malamulo mu 1562, mothandizana pambuyo pake ndi John wa Mtanda, nthambiyonso inadzakhala ndi gulu lake la akhristu eni ake.

Kulowa gululi si nkhani ya tsiku limodzi. Munthu amaphunzira zaka zingapo, amachita malonjezo a zaka zitatu, kenako a moyo wonse. Amalonjeza kutsata umphawi wa mumtima, chiyero ndi kumvera, koma monga mwini banja, osati monga sisiteri. Tsiku lililonse amayenera kupatula theka la ola kuti apemphere mwachete, kuwonjezera pa mapemphero a m'mawa ndi a madzulo a mpingo. Ganizirani namwino wogwira ntchito usiku, kapena mayi wa ana asanu amene amadzuka tambala asanalire: theka la ola limenelo ndi nsembe yeniyeni, yolemera kuposa kansalu kalikonse. Pamisonkhano yawo ya mwezi ndi mwezi amavala sikapulala yokulirapo pamwamba pa malaya, n'kumawerenga zolemba za Teresa, za John wa Mtanda, za Thérèse wa ku Lisieux amene anamwalira mu 1897 ali ndi zaka 24, ndi za Edith Stein amene anaphedwa ku Auschwitz mu 1942.

Zipani zina zili ndi njira zawo. Otsatira a Francis wa ku Assisi anali ndi malamulo a akhristu eni ake kuyambira mu 1221, ndipo Papa Paul VI anavomereza atsopano mu 1978. Chizindikiro chawo masiku ano ndi kamtanda kooneka ngati chilembo cha T. Catherine wa ku Siena, amene anadzudzula apapa ndi mafumu, sanali sisiteri wa m'nyumba yobindikira: anali wa gulu lachitatu la Adominikani, ankakhala pakhomo pa makolo ake atavala zoyera ndi zakuda. Pier Giorgio Frassati, wophunzira zauinjiniya wa ku Turin amene ankathera ndalama zake pa amphawi, analowa gulu lomwelo mu 1922, anamwalira mu 1925, ndipo anatchedwa Woyera pa 7 Seputembala 2025. Dorothy Day, mtolankhani wa ku New York amene anatsekula nyumba zodyetsera osowa, anali wodzipereka ku nyumba ya amonke a Benedict. Palinso sikapulala za mitundu ina, yoyera, yakuda, yabuluu ndi yofiira, iliyonse yomangirira ku chipani chake, koma yofiirira ndiyo inafala koposa.

Mayina amenewa akusonyeza chinthu chimodzi chimene ovala ena amaiwala. Palibe mwa anthuwa amene anatchuka chifukwa cha zimene anavala. Chovala chinali kuwakumbutsa banja limene analowa, ndipo banjalo linawatuma kwa odwala, kwa anjala ndi kwa olamulira osalungama.

M'chigawo chathu chino mzimu wa Karimeli suli kutali. Akarimeli ochokera ku Ireland anafika ku Zimbabwe mu 1946, ndipo mmodzi wa iwo, Episkopi Donal Lamont wa ku Mutare, anathamangitsidwa m'dzikomo mu 1977 chifukwa chotsutsa boma la atsamunda la Ian Smith. Ku Malawi, ansembe a nthambi ya Teresa wa ku Avila anabwera kuchokera ku Spain mu 1963, ndipo akhala akutumikira m'maparishi monga Chiphaso ku Kasungu ndi Kapiri ku Mchinji. Chipatala cha mishoni ku Kapiri chimatchedwa ndi dzina la Amayi Maria a pa Phiri la Karimeli, pamene cha ku Mtengowanthenga m'boma la Dowa chimatchedwa ndi dzina la Francisco Palau, Mkarimeli wa ku Spain amene anayambitsa chipani cha asisiteri ogwira ntchito kumeneko.

Vuto lili pa chiphunzitso. Sikapulala zimagulitsidwa m'timasitolo ta m'maparishi ndi pamalo a maulendo a chipembedzo, pambali pa makolona ndi zitenje za mabungwe, ndipo ogula ambiri amangovala atafika kunyumba, osavekedwa ndi wansembe, osauzidwa kuti kansaluko n'ka banja liti. Ena amaveka makanda kuti asadwale. Mtima wawo ngwabwino, koma amanidwa gawo lokoma kwambiri la mwambowu, ndilo sukulu ya pemphero imene chipanichi chasunga kwa zaka zoposa 800.

Chaka cha Amayi Maria a pa Phiri la Karimeli chimachitika pa 16 Julayi, ndipo Papa Benedict XIII ndiye anachifalitsa ku mpingo wonse wa Chilatini mu 1726. Abambo mfumu, akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, tengani masabata angapo tsikulo lisanafike muphunzitse akhristu mbiri ya chovalachi ndi udindo wake musanawaveke. Inu amene muli nayo kale m'khosi koma simunavekedwe, pitani ku ofesi ya parishi mukapemphe mwambowo, ndipo mukafunse ngati m'dayosizi yanu muli gulu la akhristu eni ake la Akarimeli kapena la chipani china limene mungayambe kusonkhana nalo.