ULENDO WA PA NGALAWA KU CISUMBU CA CHANGUU

Dziko lathu la Zambia liri kutali ndi nyanja ya mcere, cifukwa cake ambiri a inu simunaone ngalawa yoyenda ndi mphepo. Koma ku Zanzibar, cisumbu ca m'dziko la Tanzania, ngalawa zotere nzambiri, ndipo Aswahili amazicha jahazi. Tiyeni tikwere imodzi, tipite ku kacisumbu ka Changuu, mtunda wa makilomita oposa 5 kucokera ku mzinda wa Zanzibar.

Ngalawayi njopangidwa ndi matabwa. Pakati pake pali mlongoti, ndipo pa mlongotiwo amamangapo nsaru yaikuru ya ngondya zitatu, dzina lake thanga. Mmawa amalinyero amazula nangula, ndico citsulo colemera coimitsa ngalawa, nakweza thanga ndi zingwe. Mphepo ikadzaza thangalo, ngalawa iyamba kuyenda. Munthu mmodzi amakhala kumbuyo atagwira tsigiro, naiongola monga mlimi aongolera ng'ombe za pa ngolo.

Mmalinyero ayenera kudziwa mphepo monga mlimi adziwa mvula. Kuyambira December kufikira March imaomba yocokera kumpoto cakummawa, yochedwa kaskazi. Kuyambira April kufikira September imaomba yocokera kumwera, yochedwa kusi. Ayeneranso kudziwa madzi, pakuti nyanja ya mcere imadzala ndi kuphwa kawiri pa tsiku cifukwa ca kukoka kwa mwezi. Munthu wosasamala angapeze ngalawa yake itakhala pa mcenga, madzi atathawa.

Pofika pa Changuu tiona mcenga woyera ngati ufa, ndi madzi oyera oti nsomba zioneka pansi. Koma cozizwitsa ndi akamba akuruakuru, oti mwana sakhoza kunyamula ngakhale mmodzi. Oyamba anali anai, ndipo anacokera ku zisumbu za Seychelles m'caka ca 1919. Akamba a mtundu uwu amakhala ndi moyo zaka zoposa 100.

Palinso nyumba yakale ya miyala. Anaimanga mu 1893 kuti ikhale ndende, koma sanatsekeremo akaidi. Pambuyo pake malowo anasanduka opatulirako anthu odwala nthenda zopatsirana ocokera m'zombo, kuti nthendazo zingalowe mu mzinda.

Mbiri ya cisumbuci iri ndi cisoni cake. Ndende isanamangidwe, pamenepa ankasungirapo akapolo okana kumvera. Akapolo ambiri a ku Zanzibar anagwidwa kuno kumtunda, m'maiko ozungulira Nyanja ya Malawi, nayenda pansi kufikira ku gombe la Kilwa. Kumeneko anawalongeza m'ngalawa zonga imene takwerayi, ndipo mphepo yomweyi inawatengera ku msika. Msikawo unatsekedwa mu 1873, caka cimene David Livingstone anamwalira kwa Chitambo m'dziko lathu lino.

Dzuwa likapendeka, amalinyero amakwezanso thanga, pakuti mphepo siyembekeza munthu. Pobwerera tiona nsanja ya calici ca Anglican, cimene cinamangidwa pa malo a msika uja. M'katimo muli mtanda waung'ono, wosemedwa ndi mtengo umene unaphimba mtima wa Livingstone kwa Chitambo. Mwana wa ku Zambia akafika pamenepo amaona kanthu ka kwao.

Mafunso

1. Kodi thanga ndi tsigiro zigwira nchito yanji?
2. Chulani mphepo ziwiri za ku Zanzibar ndi miyezi yake.
3. Cifukwa ninji mmalinyero ayenera kudziwa nthawi ya kuphwa kwa madzi?