Kodi mumadziwa? Galu amakodza pomwe mphuno yamuuza

Kodi mumadziwa kuti galu amene wanyowetsa khonde lanu lero adzabweranso pomwepo mawa, ngakhale mutakolopa mpaka simenti kuwala? Inu mukuti fungo latha, koma mphuno yake ikuti malo ake ndi omwewa. Munthu ali ndi timinyewa tomvera fungo pafupifupi 6 miliyoni, pamene galu amafika nato mpaka 300 miliyoni!

Tamuyang'anitsitsani akamanunkhiza pakona ya nyumba: mutu uli pansi, khutu lili tcheru, timapiko ta mphuno tikunjenjemera. Mukuganiza kuti akukoka mpweya kangati pamenepo? Pa sekondi imodzi yokha amakoka kasanu.

Mphuno imeneyi imamva ngakhale malungo, matenda omwe aliyense wa kunyanja kuno amawadziwa. Mu 2018 ofufuza a ku yunivesite ya Durham ku England adanunkhiritsa agalu masokosi omwe ana a sukulu a ku Gambia adagona atavala usiku umodzi. Pa ana 100 alionse okhala ndi tizilombo ta malungo, agaluwo adatola 70!

Kwa Chowe, mukamakwera mapiri pamsewu wochokera ku boma la Mangochi kupita ku Namwera, muona nyumba za malata ndi simenti, zina zomangidwa ndi ndalama za ana omwe ali ku Joni. Nyumba yotere imafuna mlonda, ndipo nthawi zambiri mlondayo amabwera ali galu wamkulu kale, wozolowera kukodza paliponse. Musadandaule naye, kumvana ndi munthu ndi ntchito yake yakalekale: agalu akhala nafe zaka zosachepera 15,000.

Akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo sakodzanso pachabe. Mkodzo wake umauza agalu ena kuti wadutsa pano ndi wamwamuna kapena wamkazi, ndiponso ngati wamkaziyo ali pa nyengo yofuna amuna. N'chifukwa chake wamwamuna sathira wonse pamodzi: amadonthetsa pa nsanamira, pa tayala la njinga, pa thumba la chimanga, malo ambirimbiri pa ulendo umodzi.

Nanga mumadziwa kuti tiagalu tating'ono timadzikweza? Ofufuza a ku yunivesite ya Cornell ku America adapeza mu 2018 kuti timatukula mwendo kwambiri kuposa agalu akuluakulu, kuti chizindikiro chifike pamwamba. Mwina wodzanunkhiza pambuyo amayesa kuti padadutsa chigalu chachikulu!

Kodi galu amatulutsa mkodzo wochuluka bwanji pa tsiku? Madokotala a ziweto amawerengera mamililita 20 mpaka 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Ndiye kuti galu wa kumudzi wolemera makilogalamu 15 akhoza kupitirira theka la lita.

Imvani izi: galu wanu ndi njovu ya ku Liwonde amatenga nthawi pafupifupi yofanana pokodza! Asayansi a ku Georgia Tech adalengeza mu 2014 kuti nyama zoyamwitsa zolemera kuposa makilogalamu 3 zimamaliza m'masekondi ozungulira 21. Chonsecho chikhodzodzo cha njovu chimasunga malita 18, ndowa yotungira ku mjigo kutsala pang'ono kudzaza.

Mudaonapo galu akuzungulirazungulira asadakhale pansi kuti adzithandize? Mu 2013 ofufuza a ku Czech Republic ndi ku Germany adati mphamvu ya maginito ya dziko ikakhala bata, agalu amakonda kulozetsa thupi kumpoto ndi kummwera. Adatsatira agalu 70 kwa zaka ziwiri, n'kuwaona akukodza maulendo 5,582!

Tsono fungo lija limachokera pati? Mkodzo watsopano sununkha kwambiri. Amayambitsa ndi mabakiteriya omwe amadya zotsalira zake n'kutulutsa amoniya, mpweya woyabwa m'mphuno uja, ndipo kutentha kwa Mangochi mu Okutobala kumawafulumizitsa. Zonunkha zonsezo zabisala m'kagawo kochepa, chifukwa pa magawo 100 a mkodzo, pafupifupi 95 ndi madzi okhaokha.

Kodi mudadabwapo kuti fungo lomwe lidatha m'chilimwe labwereranso mvula yoyamba itagwa? Simenti ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo timchere ta mkodzo timalowa mmenemo n'kuuma, tina tosasungunuka msanga ndi madzi wamba. Chinyezi chikafika timadzuka, moti dontho la mu Ogasiti likhoza kukulonjerani mu Disembala.

Chenjezo lalikulu nali: musathire Jik kapena bulichi wina aliyense pa chithaphwi cha mkodzo. Akakumana ndi amoniya amatulutsa mpweya wowotcha maso ndi pakhosi, ndipo akakumana ndi viniga amatulutsanso wina woopsa. Mankhwala okolopera okhala ndi amoniya nawonso asiyeni, chifukwa kwa galu amamveka ngati padakodza mnzake.

Ndiye tichite bwanji? Valani jumbo kumanja, tsindirani chisanza chouma pamalopo kuti chimwe mkodzo, osapukuta momwaza, kenako tsukani ndi madzi ozizira. Mukatero thirani viniga wosungunula, kapu imodzi ya viniga pa kapu imodzi ya madzi, n'kumusiya alowerere kwa mphindi 10.

Pakayamba kuuma, pitani kukhitchini mukatenge soda yemwe uja mumathira mu therere ndi chigumu. Muwazeni mpaka pamalopo payere mbee, agone pomwepo usiku wonse, m'mawa musese. Fungo likakanirira bwerezani, chifukwa banga lakale limafuna maulendo awiri kapena atatu.

Nanga m'nyumba yozira? Apa madzi amangolowetsa mkodzo pansi, choncho palani dothi lonse lonyowa ndi khasu, mukalitaye kutali, muwaze phulusa n'kuziranso ndi dothi latsopano. Mkeka ndi mphasa zichapeni ndi sopo n'kuziyanika padzuwa mbali zonse ziwiri.

Kodi mumadziwa kuti kwa Chowe nkhaniyi ndi ya chipembedzonso? Asilamu ambiri kuno amasunga galu panja ngati mlonda, kutali ndi ziwiya komanso mkeka wopempherera, ndipo kumuphunzitsa malo ake kumateteza ukhondo wa pakhomo ponse. Mashehe otsata chiphunzitso cha Shafi'i amati chomwe chadetsedwa ndi galu chitsukidwe ka 7, kamodzi mwa maulendowo ndi dothi.

Tibwere kwa mwini mkodzo: kodi nkhope yachisoni ija, makutu ali gwa, mchira uli pakati pa miyendo, ndiye kuti wavomera mlandu? Mu 2009 Alexandra Horowitz wa ku Barnard College ku New York adapeza kuti agalu amaonetsa nkhopeyo akakalipiridwa, kaya adalakwa kaya ayi. Adayesa agalu 14, ndipo omwe adaoneka olakwa kwambiri adali osalakwa omwe adakalipiridwa!

Choncho ndodo, kapena kumukhudzitsa mphuno pa mkodzo wake, sizimuphunzitsa kanthu koma kukuopani ndi kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Galu amalumikiza mphotho ndi chomwe wachita pompopompo, ndiye akangomaliza pamalo oyenera, muyamikeni ndi mawu okoma n'kumuponyera kamutu ka usipa. Nthawi yomwe muli nayo ndi masekondi awiri kapena atatu basi.

Musankhireni malo amodzi kuseri, kutali ndi chitsime, dimba ndi posewerera ana, ndipo muzipita naye pa chingwe. Nthawi zake ndi izi: akangodzuka, akangodya, mukangomumasula, ndiponso musanagone. Galu wamkulu amafunika mwayi umenewu maulendo atatu mpaka asanu pa tsiku.

Mumadziwa kuti apa wamkulu amaposa mwana? Kamwana ka galu kamapirira pafupifupi ola limodzi pa mwezi uliwonse wa msinkhu wake, moti ka miyezi iwiri kamalephera pakangotha maola awiri. Wamkulu wathanzi amafika maola 6 mpaka 8.

Chodabwitsa china: galu sakonda kuipitsa pomwe amagona ndi pomwe amadyera. Mukaona kuti wakakamira kona ina ya khonde, itsukeni bwino n'kumamuikira mbale yake ya mkute pomwepo. Kona yomwe idali chimbudzi isanduka chipinda chodyera!

Koma galu yemwe adali waukhondo akayamba mwadzidzidzi kukodza pafupipafupi, kubuula pokodza kapena kutulutsa magazi, ameneyo akudwala. Thamangani naye kwa alangizi a ziweto. Kodi mumadziwa kuti agalu nawonso amadwala shuga ndi impso? Chizindikiro chake ndi ludzu losatha: kumwa madzi opitirira mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse pa tsiku, lita ndi theka kwa galu wathu wa makilogalamu 15 uja.

Nanga kufula galu wamwamuna kumathandiza? Ofufuza a ku yunivesite ya California ku Davis adapeza mu 1997 kuti kumachepetsa kuyendayenda ndi kudonthetsa mkodzo, ndipo msinkhu wa galu sunasinthe zotsatira. Khalidwelo lidatsika ndi theka kapena kuposa mwa agalu osachepera 6 pa 10 alionse.

Mukapita kwa alangiziko, funsaninso katemera wa chiwewe, makamaka ngati galuyo mwamutenga ali wamkulu ndipo mbiri yake simukuidziwa. Tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe padziko lonse ndi 28 Seputembala. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies lidabaya agalu opitirira 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha!

Mukukayikabe kuti galu wanu angaphunzire? Ku South Carolina kudali galu wamkazi dzina lake Chaser, yemwe mphunzitsi wopuma ntchito John Pilley adamuphunzitsa tsiku ndi tsiku, mwa masewera, kuzindikira zidole zake chilichonse ndi dzina lake. Chaser adaloweza mayina 1,022, ndipo wanuyo mukungomupempha malo amodzi!