Posankha mapulagi a vaneti, nambala ya injini ndiyo mtsogoleri

Eni mavaneti ambiri akafuna mapulagi atsopano amamasula pulagi imodzi yakale, n'kupita nayo kusitolo kukafuna ina yofanana nayo. Njira imeneyi ili ndi ngozi yake. Mapulagi awiri angafanane kwambiri maonekedwe, koma imodzi n'kuyendetsa bwino galimoto, inzake n'kuboola pisitoni. Ndalama zokonzetsera injini yotere zimaposa kutali mtengo wa mapulagi anai, ndipo vaneti imene imanyamula cimanga, feteleza kapena katundu wa malonda ikaima, cakudya ca banja naconso cimaima.

Coyamba kudziwa ndi cakuti mapulagi oyatsa moto amapezeka mu injini ya petulo. Injini ya dizilo, monga 2KD-FTV ya Toyota Hilux kapena 4JA1 ya Isuzu KB, imayatsa mafuta ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Tizitsulo timene tili m'mutu mwa injini yotere, todziwika kuti glow plug, nchito yake ndi kutenthetsa silinda poliza galimoto kukazizira. Iti sititulutsa moto, ndipo sitingalowe m'malo mwa pulagi ya petulo.

Mu injini ya petulo, koyilo imatenga mavoti 12 a batire n'kuwakweza mpaka 20,000 kapena kuposa. Magetsiwo amalumpha kampata ka kunsonga kwa pulagi ndi kuyatsa petulo wosakanizika ndi mpweya. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, pulagi iliyonse imathetheka ka 25 pa sekondi imodzi. Nchito yotere imafuna pulagi yopangidwira injini imeneyo.

Cifukwa cake kusankha kumayambira pa nambala ya injini. Nambalayi imalembedwa pa kacitsulo ka kampani kamene kamakhala mkati mwa boneti kapena pa mphuthu ya citseko, ndipo imadindidwanso pa thupi la injini. Kuyang'ana pa thupi la injini ndi kofunika kwambiri pa galimoto yogulidwa kwa munthu wina, popeza ena amasintha injini koma kacitsulo kaja n'kukhalabe kakale. Nambala ikadziwika, buku la galimoto kapena buku la opanga mapulagi limasonyeza pulagi yoyenera.

Hilux ikupereka citsanzo cabwino. Injini ya 22R ya malita 2.4, imene inali m'mavaneti a zaka za m'ma 1980 ndi 1990, imalandira pulagi monga NGK BPR5EY, imene mbali yake yomangira mu injini ndi yotalika mamilimita 19. Injini ya 2TR-FE ya malita 2.7, imene inayamba kupangidwa mu 2004, imalandira pulagi monga Denso SK20HR11, yotalika mamilimita 26.5 pa mbali yomweyo. Zonse ziwiri ndi zonenepa mamilimita 14, motero iliyonse ingalowe pa bowo la inzake popanda kukana. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka.

Pulagi yaitali kuposa muyeso imatulukira mkati mwa silinda, ndipo pisitoni ingaimenye. Pulagi yaifupi imabisa moto m'bowo, petulo sapsa bwino, ndipo mwaye umadzaza mizere yomangira imene yatsala poyera, kotero kuti pulagi yoyenera idzavuta kulowa pambuyo pake.

Caciwiri ndi nambala ya kutentha. Nsonga ya pulagi iyenera kutentha pakati pa madigiri 500 ndi 800 kapena pafupi pamenepo. Ikacepa kutentha, mwaye umaunjikana ndipo injini imayamba kudumphadumpha. Ikatentha mopitirira, imayatsa petulo nthawi isanakwane, ndipo zimenezi ndi zimene zimasungunula pisitoni. Pulagi imene amati yozizira imataya kutentha msanga kudzera m'mutu wa injini, pamene yotentha imasunga kutenthako.

Cosokoneza ndi cakuti makampani sawerenga mofanana. Kwa NGK ndi Denso, nambala ikamakula pulagi imakhala yozizira. Kwa Bosch ndi Champion, nambala ikamakula pulagi imakhala yotentha. Nambala 5 ya NGK imafanana ndi 16 ya Denso, ndipo 6 imafanana ndi 20. Wogula amene akusintha kampani afunse wogulitsa kuti atsegule buku loyerekezera manambala, asangodalira kukumbukira.

Zilembo za pa pulagi nazo zili ndi tanthauzo. Pa BPR5EY, B akuimira kunenepa kwa mamilimita 14, P akusonyeza kuti nsonga ndi yotulukira kunja, 5 ndi nambala ya kutentha, ndipo E ndi kutalika kwa mamilimita 19. R akusonyeza kuti mkati muli kacipangizo kocepetsa phokoso la magetsi. Galimoto imene ili ndi kompyuta yoyendetsa injini imafuna pulagi yokhala ndi R, apo ayi magetsi a pulagi angasokoneze kompyutayo ndi wailesi yomwe.

Cacitatu ndi mpata wa kunsonga, umene amakanika amati gapu. Injini ya 22R imafuna mamilimita 0.8, pamene nambala 11 ya kumapeto kwa SK20HR11 ikutanthauza mamilimita 1.1. Mpata ukakula kwambiri, koyilo imavutika ndipo ingapse. Ukacepa, moto umafooka ndipo petulo amatha msanga.

Cacinai ndi citsulo ca kunsonga. Mapulagi wamba ali ndi mtima wa mkuwa ndi nsonga ya nikelo, ndipo kawirikawiri amasinthidwa pakati pa makilomita 20,000 ndi 40,000. A platinum ndi a iridium amakhalitsa, ena mpaka makilomita 100,000, cifukwa zitsulozi sizidyeka msanga. Iridium imasungunuka pa madigiri oposa 2,400, pamene nikelo amasungunuka pa 1,455. Komabe kukwera mtengo kwa pulagi sikuonjezera mphamvu ya injini yakale. Ngati buku linalamula iridium, mwini galimoto asatsike kupita ku nikelo. Ngati linalamula nikelo, pulagi ya nikelo yosinthidwa pa nthawi yake ndi yokwanira. Nsonga ya iridium ndi yopyapyala, yosafika ndi milimita imodzi yomwe, conco siyenera kupalidwa ndi waya kapena kukanikizidwa poyeza mpata.

Mapulagi akale asatayidwe asanayang'anidwe, pakuti amaulula za umoyo wa injini. Nsonga yofiirira pang'ono kapena yotuwa ikusonyeza kuti zonse zili bwino. Mwaye wakuda wouma ukusonyeza petulo woculuka kapena sefa ya mpweya yotsekeka, vuto lodziwika kwa magalimoto oyenda m'miseu ya fumbi ya kumidzi. Nsonga yonyowa ndi oilo ikusonyeza maring'i a pisitoni kapena masilo a mavavu otha. Nsonga yoyera yokhala ndi timatuza ikusonyeza kutentha kopitirira. Pa mavuto amenewa pulagi yatsopano ndi mankhwala a masiku owerengeka cabe, cifukwa nthenda ili kwina.

Pali nkhani inanso ya mapulagi acinyengo. Makampani a NGK ndi Denso akhala akucenjeza ogula za mapulagi olembedwa maina ao koma opangidwa ndi ena. Zizindikiro zake ndi mtengo wotsika modabwitsa, zilembo zosaoneka bwino, kawashala kosagwira ndi nsonga yosalongosoka. Nsonga yotere ingathe kusungunuka kapena kuthyokera mu silinda. Ndi bwino kugula kwa wogulitsa wodziwika ndi kusunga risiti. Muno m'Zambia madandaulo a ogula amalandiridwa ndi bungwe la Competition and Consumer Protection Commission.

Pomanga, injini ikhale yozizira, ndipo fumbi la m'mbali mwa bowo licotsedwe pulagi yakale isanatuluke. Yatsopano iyambe kumangidwa ndi dzanja kuti mizere isapingasane, makamaka pa mutu wa aluminiyamu umene suchedwa kuonongeka. Ikagunda, sipana yoyeza mphamvu imalize monga mwa buku. Popanda sipana yotere, pulagi yatsopano ya mamilimita 14 yokhala ndi washala imapotozedwa pafupifupi theka la mzungulo umodzi. Mapulagi onse asinthidwe pamodzi ndipo akhale a mtundu umodzi.

Mwini galimoto alembe nambala ya injini, nambala ya pulagi ndi makilomita a tsiku losinthira m'kabuku kosungidwa m'galimoto. Kabukuko kadzamuyankhira pamene wogulitsa adzamuuza kuti pulagi imene akufuna yatha koma pali ina yofanana nayo.